Laputopu yakale ija musaitaye, koma Windows 7 ayi

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kutumiza ma update a chitetezo a Windows 10, kupatula kwa okhawo amene analembetsa kuti awaonjezere chaka chimodzi, chomwenso mathero ake ndi Okutobala 2026. Windows 11 nayo siilowa paliponse, imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya 8th gen kupita mtsogolo, ndekuti ma ThinkPad T420, ma Dell Latitude akale, ma HP EliteBook akale a kaunjika amene adzadza m'nyumba zathu ndi m'mahostelo a ana asukulu onsewo atsala panja. Makina ake ndi abwinobwino, kiyibodi ikulemba, sikirini ikuwala, koma eni sisitimu awasiya. Ukafunsa kuti nditani nayo umamva mayankho awiri, ena amati ingogulani yatsopano, ena amati bweretsani tiikemo Windows 7 ndi yopepuka. Ine onse awiriwo ndikuwakana, ndipo palinso yankho lachitatu lochokera kwa anzanga okonda Linux lomwe nalonso sindigwirizana nalo.

Ya kugula yatsopanoyo sindichedwapo, amene ali nazo ndalama agula kale sakuwerenga izi. Ya Windows 7 ndi imene imandidetsa nkhawa chifukwa ikuchitika tsiku ndi tsiku m'mashopu okonza makompyuta. Windows 7 inasiyidwa mu Januwale 2020, Chrome yomaliza kuyenda pa iyo ndi 109 ya kumayambiriro kwa 2023, kuchokera pamenepo dzenje lililonse limene akuba apeza limangokhala chitsegukire palibe wolitseka. Kuonjezera apo kope limene amakuikiranilo nthawi zambiri ndi lokiraka, anaikamo kapulogalamu koti Windows izioneka ngati yolipira, kapulogalamu koti ngakhale wokuikiraniyo sadziwa anakapanga ndani ndipo mkati mwake muli chani. Nde inuyo mukulowa nayo mu imelo, mu Facebook, mu akaunti ya ku banki. Kuthamanga imathamangadi, sindikukana, koma mtengo wake ndi umenewo.

Njira yomwe yatsala ndi masisitimu aulere, ndipo pafupifupi onse oyenera kuwaganizira ndi a banja la Linux. Linux anaiyamba Linus Torvalds ku Helsinki mu 1991, kenako magulu osiyanasiyana akhala akuitenga nkuikuta ndi mapulogalamu awoawo. Debian inayamba 1993, Ubuntu inatuluka 2004 kuchokera pa Debian yomweyo ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, Linux Mint nayo inamangidwa pa Ubuntu kuyambira 2006. Ndatchula mzere umenewu dala, chifukwa mayina amachuluka mpaka munthu kusokonezeka chikhalirecho ambiri ndi pachibale, injini yake ndi imodzi, chimasiyana ndi zimene aika pamwamba, kulemera kwake, ndi mmene amakusamalira iwe wogwiritsa ntchito.

Tsono yankho lachitatu lija ndi ili. Ukangonena kuti kompyuta yanga ndi yakale, anthu a Linux amayamba mpikisano wa yopepuka kuposa inzake, wina antiX, wina Puppy, wina Tiny Core yomwe ndi ma MB ochepa chabe, aliyense akuonetsa chithunzi choti onani RAM yadya pang'ono bwanji, RAM pokhala memore imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka. Manambala akewo ndi oona. Koma amakhala ajambula kompyuta itangoyaka isanagwire ntchito ina iliyonse, pomwe munthu sayatsa kompyuta kuti aziyang'ana sikirini, amatsegula Firefox, amalowa pa YouTube, pa Gmail, pa WhatsApp Web, ndipo masamba amenewo masiku ano ndi olemera mofanana kaya uli pa antiX kaya pa Mint. Njinga itha kukhala yopepuka bwanji koma matumba a makala amene wamangapo kulemera kwake ndi komweko. Masamba atatu anayi otsegula pamodzi amatha kudya RAM yoposa imene sisitimu yonse ikudya, ndiye kupulumutsa 300MB posankha sisitimu yovuta kugwiritsa ntchito pa makina a 4GB ndi kudzizunza popanda phindu. Mfundo yanga ndi yoti musasankhe yopepuka kuposa zonse, sankhani yosavuta kuposa zonse mwa zimene makina anu angathe kunyamula, poganizira munthu amene azikhala nayo tsiku ndi tsiku inu mutachokapo.

Musanadawunilode kalikonse onani kaye zinthu zitatu, RAM ndi yochuluka bwanji, purosesa ndi ya 64-bit kapena 32-bit, ndipo disiki yake ndi yozungulira ija kapena SSD, disiki yachangu yopanda zozungulira mkati. Pa purosesa ambiri amanamizidwa ndi Windows imene ilimo, amaona palembedwa 32-bit nkuganiza kuti makinawo ndi a 32-bit, pomwe ndi kope la Windows chabe limene wina anaikamo. Core 2 Duo iliyonse ndi Core i3, i5, i7 zonse ndi za 64-bit. Za 32-bit zenizeni ndi monga Pentium M, Core Duo yopanda 2 ija, ndi Atom N270 ya m'timalaputopu ting'onoting'ono ta m'ma 2008 ndi 2009.

Ngati muli ndi 4GB kupita mtsogolo ndipo ndi 64-bit, ikani Linux Mint ya desktop yopepuka yotchedwa Xfce basi musavutike ndi zambiri. Eni ake amati 2GB ikwana koma 4GB ndiye mumakhala pabwino, ndipo disiki ikhale ndi malo a 20GB. Ikayaka imadya RAM yosafika 1GB. Menyu ili pansi kumanzere pomwe munthu wozolowera Windows amaiyembekezera, wotchi kumanja, mafoda amatseguka mmene munazolowera, LibreOffice yolowa m'malo mwa Microsoft Office ndi Firefox zilimo kale. Mint 22 ilandira ma update mpaka 2029, ndekuti mukaika lero simuganizanso zofomata chaka chamawa. Koma chimene ndimaikondera kwenikweni ndi nkhani ya bandulo. Pulogalamu yake ya ma update imangoonetsa kachizindikiro pansi apo kuti pali zatsopano, siiyamba kukoka yokha pokhapokha inu mutaiuza kutero, mumaona mndandanda ndi kukula kwake nkusankha kuti ndipanga usiku kapena ndikakafika pa Wi-Fi. Kwa munthu amene intaneti yake ndi hotspot ya pafoni ndi bandulo ya sabata, chimenechi si chaching'ono. Ilinso ndi Timeshift, yomwe imasunga chithunzi cha sisitimu kuti update ikasokoneza zinthu mungobwerera pa dzulo.

Ena anena kuti nanga Lubuntu, ya m'banja la Ubuntu, bwanji, si yopepuka kuposa Mint? Ndi yopepukadi pang'ono, desktop ya LXQt imene amagwiritsa ntchito kuyambira 2018 ndi yabwino ndipo sindikuinyoza. Vuto langa lili pa Firefox yake. Banja la Ubuntu limaipereka mu mtundu wotchedwa snap, ndipo pa haadi disiki yakale yozungulira imatenga nthawi kuti itseguke koyamba, komanso ma snap amadzipanga update okha kumbuyo osakufunsani pokhapokha mutadziwa powaletsera. Mint inakana ma snap kuyambira 2020, Firefox yake ndi ya wamba. Komanso Lubuntu ya LTS, yomwe ndi yokhalitsa kuposa zinzake, amaisamalira zaka 3 pomwe Mint ndi 5. Ndiye zimene wapulumutsa pa RAM ukuzibweza pa pulogalamu yomweyo imene uzikhalirapo tsiku lonse. Xubuntu nkhani yake ndi yomweyi.

Pa 2GB mpamene pali mkangano weniweni, ndipo makina ambiri amene anthu amafunsira ali pamenepa. Mint iyenda koma mukatsegula masamba angapo muyamba kumva disiki ikukukuta, mausi ikudumphadumpha, chifukwa RAM yadzadza ndipo sisitimu yayamba kubwereka malo pa disiki yomwe ndi yochedwa kutalitali. Apa ndimasankha pakati pa MX Linux ndi antiX, ndipo ziwirizi ndi pachibale, zonse zimachokera pa Debian ndipo MX inabadwa mu 2014 anthu a antiX atagwirizana ndi a Linux ina yotchedwa MEPIS. MX ya Xfce kulemera kwake sikusiyana kwambiri ndi Mint, ya desktop ina yotchedwa Fluxbox ndi imene imapepukirapo. antiX ndiye yopepuka zenizeni, ikayaka siifika ndi 300MB yomwe, imagwiritsa ntchito IceWM ndi tina totere m'malo mwa desktop yathunthu, pa makina a 1GB kapena 2GB kusiyana kumeneko kumamveka m'manja chifukwa zotsalazo zonse zikupita kwa Firefox. Koma tinene zoona, antiX siimugwira dzanja munthu. Menyu yake ndi yodzadza ndi mayina achilendo, polumikizira Wi-Fi sipali poonekera ngati pa Mint, zinthu zina kuti usinthe umafunika kutsegula fayilo nkulemba. Mnyamata wa Fomu 4 wokonda kufufuza aizolowera pa masiku ochepa ndipo aphunzirapo zambiri. Koma mayi anu kapena aphunzitsi a ku pulayimale amene akungofuna kulemba mayeso a ana nkukapulintitsa, mukawaikira antiX nkuchoka, mwezi usanathe apita nayo kushopu kuti aibwezeremo Windows 7 ija, ndipo olakwa simukhala iwowo. Anthu oterewa pa 2GB ndi bwino kuwaikira MX kapena Mint yomweyo nkuwauza kuti azitsegula masamba awiri basi, kusiyana ndi kuwapatsa liwiro loti sangathe kuligwiritsa ntchito.

Pali chinthu chimodzi cha MX ndi antiX chomwe sichitchulidwa mokwanira koma kwa ife ndi chagolide. Zili ndi pulogalamu ya snapshot, imene imatenga sisitimu yanu mmene ilili, ndi ma update onse ndi mapulogalamu onse amene mwaikamo, nkupanga fayilo imodzi ya ISO, yoikira sisitimu pa kompyuta, yoti muike pa fulashi. Tanthauzo lake ndi loti sukulu imene yalandira makompyuta akale khumi, kapena mnyamata wa shopu amene amaika masisitimu tsiku lililonse, adawuniloda kamodzi, akonza kompyuta imodzi bwinobwino, zotsalazo aziika kuchokera pa fulashi osagulanso bandulo. Pa chifukwa chimenechi chokha, kukhala kuti ndikukonza labu ya sukulu ndingatenge MX osati Mint.

Puppy Linux, imene anaiyamba Barry Kauler wa ku Australia mu 2003, ndimaiona ngati chida chosunga m'thumba osati nyumba yokhalamo. Ndi yaing'ono yosafika 1GB, imadzikweza yonse mu RAM nde imathamanga modabwitsa ngakhale pa makina otheratu, ndipo Windows ikakana kuyaka mutha kuyatsira pa fulashi ya Puppy nkupulumutsa mafayilo anu onse musanafomate. Koma mitundu yake yambiri imakuyendetsani ngati root, kutanthauza kuti muli ndi mphamvu zofufuta chilichonse popanda chokufunsani pasiwedi, ndipo kasungidwe kake ka zinthu mukamazimitsa kamasokoneza ongoyamba kumene. ChromeOS Flex ya Google ndi yaulere pa mtengo, ndi yosavuta ndipo ndi yaukhondo, koma imafuna 4GB ndi 64-bit, ma app a Android siiyendetsa, ndipo moyo wake wonse uli pa intaneti. Amene ali ndi Wi-Fi yosatha ku ofesi kapena ali ku Joni ndi ku UK aiyese, koma kwa wodalira bandulo kumudzi ayi. ReactOS ndi Haiku, masisitimu aulere amene si a Linux, musataye nazo nthawi pa kompyuta yogwirira ntchito, sizinafike pokhwima.

Ubwino wake zonsezi simufunika kukhulupirira ine, mumayesa musanafufute kanthu. Pezani fulashi ya 8GB yopanda zofunika chifukwa ifufutika, dawunilodani ISO kuchokera pa webusaiti ya eni ake, ya Mint ndi pafupifupi 3GB ndiye konzekerani, muilembe pa fulashi ndi Rufus kapena balenaEtcher. Ventoy ndiye yabwino koposa chifukwa fulashi imodzi mumangoponyamo ma ISO angapo nkumasankha poyatsa. Zimitsani kompyuta, lowetsani fulashi, mukangodina batani loyatsira yambani kudinadina F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, pabwera kamndandanda musankhe USB. Pakapita kanthawi muona desktop yathunthu ikuyenda kuchokera pa fulashipo, Windows yanu ili chikhalire pa disiki osakhudzidwa. Apa musathamangire kudina Install. Onani ngati maina a Wi-Fi akuoneka pakona, tsegulani kanema mumve ngati mawu akutuluka, lowetsani mahedifoni, yesani mabatani okweza ndi kutsitsa kuwala, tsekani chivindikiro nkutsegulanso muone ngati idzuka, ngati muli ndi pulinta ilumikizeni mupulinte tsamba limodzi. Kuchedwa kumene muone pa nthawiyi kwina ndi kwa fulashi osati kwa sisitimu. Chimene chimakonda kuvuta pa malaputopu akale a Dell ndi HP ndi Wi-Fi ya Broadcom, imatha osaoneka nkomwe. Musataye mtima, lumikizani foni ya Android ndi chingwe, yatsani USB tethering, intaneti ibwera yokha popanda kuika chilichonse, kenako pa Mint tsegulani Driver Manager ikupezerani dalaivala wake. Ndipo musanaike zenizeni koperani zithunzi, ma CV, ma assignment, zonse pa malo ena, chifukwa mukasankha zofufuta disiki yonse palibe pobwerera.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zomwe ndimazilemekeza. Yoyamba ndi Microsoft Office. LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, pa kalata, CV, lipoti la kusukulu, bajeti ya banki mkhonde imakwana ndithu, koma fayilo ya matebulo ambiri ndi zithunzi imatha kusuntha mizere mukaitsegula mbali inayo. Zambiri zimayamba ndi mafonti, mukaika Carlito imene miyeso yake ndi yofanana ndi Calibri, ndi Liberation imene imalowa m'malo mwa Arial ndi Times New Roman, masamba ambiri amakhala m'malo mwake, ndipo chopita kokapulintitsa chisungeni ngati PDF nkhani yatha. Koma ngati chakudya chanu chimachokera pa CorelDRAW, Photoshop, Publisher, Sage, QuickBooks kapena FL Studio, sindikunamizani kuti zilipo zofanana nazo ndendende. GIMP ndi Inkscape zilipo koma ndi kuphunziranso mwatsopano, ndipo makasitomala sadikira. Munthu wotero akhale pa Windows yake, koma makina amenewo asamalowe nawo pa intaneti mwachisawawa ngati ma update anatha.

Yachiwiri ndi yoti ikavuta adzakukonzerani ndani, poti okonza ambiri m'matauni mwathu anazolowera Windows ndipo akaona china chilichonse yankho lawo ndi kufomata. Imeneyi ndi yoona ndipo ndi chifukwa chinanso chimene ndikukankhira Mint patsogolo. Ili ndi anthu ambiri, nde vuto lililonse limene mungakumane nalo wina anakumana nalo kale ndipo yankho lake lili pa intaneti, mukangolemba dzina la laputopu yanu ndi vutolo mulipeza, komanso malangizo ambiri a Ubuntu amagwiranso pa Mint. Kasisitimu kosadziwika kopangidwa ndi munthu m'modzi kangakhale kokongola bwanji, tsiku limene watopa nako inu mwatsala nokha. Ndipo kwa achinyamata okonza makompyuta, makina osiyidwa ndi Windows 11 achuluka chonchi, amene aphunzire kuika Mint ndi MX bwinobwino ntchito sadzaisowa.

Pobwezera pake pali mpumulo umene aliyense wopita kokapulintitsa aumvetsa. Mumapereka fulashi, pobwera nayo mafoda onse asanduka ma shortcut, mafayilo sakuoneka, mtima uli phaa. Vairasi imeneyo ndi ya Windows, pa Linux siiyenda. Mukailowetsa fulashiyo pa Mint muona zonse poyera, timafayilo tothera ndi .lnk, kena kothera ndi .vbs kapena .exe komwe simunaikemo inu, ndi mafoda anu enieni amene anangobisidwa, pena ali mkati mwa foda yopanda dzina. Mumakopera zanuzo, nkufufuta zinyalalazo. Chenjezo ndi loti mukazisiya momwemo inu sizikupwetekani koma mukampatsira mnzanu wa Windows.

Ngati pali kandalama pang'ono koti muike pa makinawa, yambani ndi SSD musanaganize china chilichonse. Ya SATA ya 120GB kapena 128GB ikwana, pa ma ThinkPad ndi ma Latitude ambiri ndi kumasula sikuluwu imodzi kapena ziwiri nkusolola yakaleyo. Kusintha kumene SSD imabweretsa pa kuyaka ndi kutsegula mapulogalamu kumaposa kusiyana kwa Mint ndi Lubuntu kutalitali, ndipo RAM ikadzadza kubwereka malo pa SSD sikupweteka ngati pa disiki yozungulira. Kachiwiri onjezani RAM ifike 4GB, ya DDR3 yakale imapezeka kwa okonza omwewo, ya DDR2 ndi imene yayamba kusowa. Mu Firefox ikani uBlock Origin, imachotsa zotsatsa zomwe zimadya RAM ndi bandulo yomwe, ndipo pa YouTube tsitsani kanema pa 360p kapena 480p. Makina akale sadziwa kumasulira okha mavidiyo a VP9 ndi AV1 amene YouTube imakonda kutumiza ndiye purosesa imavutika mpaka fani kulira, kapulogalamu koonjezera mu Firefox kotchedwa h264ify kamaikakamiza kutumiza a H.264 amene ndi opepukirapo.

Za 32-bit zenizeni zija nkhani yake ndi yowawa ndipo sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza. Mint inazisiya mu 2020, Ubuntu ndi Lubuntu zinasiya kale, Chrome ya Linux inazisiya mu 2016, Debian 13 imene inatuluka mu Ogasiti 2025 ilibenso choikira cha 32-bit, ndipo Mozilla nayo inalengeza chaka chomwecho kuti Firefox ya Linux ya 32-bit ikutha. Mwa zochepa zotsala muli Debian 12, yomwe ilandirabe ma update mpaka 2028, ndi ana ake monga antiX 23. Ndiye kalaputopu ka Atom ka 1GB kaja musakakonzere za pa intaneti, kapatseni ntchito yosafuna netiweki. Ikanimo antiX, AbiWord yolembera ngati LibreOffice ikulemera, VLC ya nyimbo ndi mavidiyo a maphunziro, mabuku a PDF, ndi Kiwix, pulogalamu imene imatsegula Wikipedia yosungidwa pa disiki popanda intaneti, mafayilo ake alipo a misinkhu yosiyanasiyana ndipo ang'onoang'ono opanda zithunzi amakwana pa disiki yaing'ono. Mwana aphunzirirapo kutaipa, alemberapo, awerengerapo, ndipo zolowa ku banki ndi imelo muzipangira pafoni yanu yomwe ikulandirabe ma update.